Sukulu ya madokotala yopanda chipatala chake: momwe ubale wa KUHeS, Gulupu ndi mayunivesite akunja umayendera

Mukalowa m'wodi ya ana pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre nthawi ya kum'mawa, mupeza gulu la anthu litazungulira bedi limodzi. Kutsogolo kuli dokotala wamkulu, faelo ili m'manja. Kumbuyo kwake kuli anyamata ndi atsikana ovala makhoti oyera, ena akulemba m'timabuku, ena akusuzumira pa mapewa a anzawo kuti aone. Namwino waima chapambali. Mayi wa mwana wakhala m'mphepete mwa bedi, beseni ndi kapu zili pansi, maso ali pakamwa pa dokotala. Kwa iye onsewa ndi adokotala basi.

Koma mutati mufunse kuti aliyense wa anthuwa malipiro ake amachokera kuti, mungamve mayankho anayi kapena asanu. Dokotala wamkuluyo mwina ndi mphunzitsi wa yunivesite ya KUHeS, imene imaphunzitsa madokotala ndi anamwino. Namwinoyo ndi wa Unduna wa Zaumoyo. Mnzake amene wabwera kudzatenga magazi analembedwa ntchito ndi pulojekiti ya kafukufuku, ndipo ndalama zake zimachokera ku London kapena ku America. Ovala makhoti oyerawo salandira kanthu, iwo ndiwo amalipira fizi. Kamakina kamene kakuthandiza khanda kupuma pa bedi linalo, nzeru yake inachokera mbali ziwiri, ku Blantyre ndi ku Texas.

Chimene chasonkhanitsa anthu onsewa pa bedi limodzi ndi mapangano. Ena analembedwa n'kusayinidwa ndi akuluakulu, ena anangokhazikika chifukwa chogwirira ntchito limodzi zaka zambiri. Ife timangomva pa wailesi kuti sukulu ya madokotala yasayinirana mgwirizano ndi yunivesite yakutiyakuti, tikaona chithunzi cha anthu akugwirana chanza, nkhani yathera pomwepo. Ndikufuna tilowe m'kati mwake, chifukwa katemera amene mwana wanu amalandira kusikelo, ngakhalenso dokotala amene adzakupimeni zaka khumi zikubwerazi, zonsezi zikudalira momwe mapanganowa akuyendera.

Mpaka 1991 dziko la Malawi linalibe sukulu yophunzitsa madokotala. Wofuna udokotala ankayenera kutuluka. Daniel Sharpe Malekebu anamaliza maphunziro ake pa Meharry Medical College ku America mu 1917, ndipo Hastings Kamuzu Banda anadzaphunzira pa sukulu yomweyo asanapite ku Edinburgh. Kuipa kwa njira imeneyi kunali kodziwika: ambiri mwa opitawo sankabwerera, ndipo obwererawo ankapeza matenda amene kumeneko sanawaone mokwanira. Zipatala zathu zinkayenda ndi makilinikala ofisala ndi anamwino, madokotala ali owerengeka, ambiri a iwo ochokera kunja.

Boma litaganiza zokhala ndi sukulu yakeyake, silinadikire kuti nyumba zonse zimangidwe. Kuyambira 1986 linayamba kutumiza ophunzira ku Britain, kenako ku Australia ndi ku South Africa, kuti akayambire kumeneko n'kudzamalizira kuno pa odwala athu. Yunivesite ya St Andrews ku Scotland ndi imodzi mwa zimene zinawalandira. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991 ngati nthambi ya University of Malawi, ndipo madokotala ake oyamba analandira madigiri mu 1992. Mkulu wake woyamba anali Geoffrey Dahlenburg wa ku Australia. Amene analimbikira kwambiri kuti sukuluyi ikhalepo, n'kudzakhala Mmalawi woyamba kuitsogolera, anali John Chiphangwi, dokotala wa amayi pa Gulupu pomwepo. Oyamba kuphunzira zaka zonse m'dziko muno anamaliza mu 1999, ndipo mu 2021 kolejiyi inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing n'kupanga Kamuzu University of Health Sciences, imene timaitchula mwachidule kuti KUHeS. Ndiye kuti sukuluyi inabadwira m'manja mwa azamba ambiri. Kudalira anzake sikunayambe dzulo ayi.

Mwini chipatala ndani?

Ubale waukulu kuposa onse sutchulidwa kawirikawiri, mwina chifukwa choti ulibe mbendera ya dziko lina. Ndi wa pakati pa yunivesite ndi Unduna wa Zaumoyo. Udokotala suphunziridwa pa bolodi pokha. Chifuwa cha munthu wodwala chibayo chimamveka bwanji, kapamba wotupa amamveka bwanji pansi pa zala, maso a mwana amene madzi amuthera m'thupi amalowa bwanji m'kati: zimenezi zimafuna odwala enieni, mazanamazana. Komatu KUHeS ilibe chipatala chachikulu chakechake. Chipatala cha Gulupu, chimene chinatsegulidwa mu 1958 ndipo chili ndi mabedi oposa 1,000, ndi cha boma. Cha Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene ophunzira amapitanso, ndi cha boma. Cha Mangochi, kumene oyambitsa sukuluyi anaumirira kuti ophunzira azikakhala kuti adziwe umoyo wa anthu a kumudzi, nachonso ndi cha boma. Cha Nkhoma, chimene chimathandiza kuphunzitsa madokotala okonzekera kukagwira ntchito m'maboma, ndi cha mpingo.

Pali kusinthana. Unduna umapereka mawodi, anamwino, mankhwala, magetsi ndi madzi. Yunivesite imapereka akatswiri. Mphunzitsi wa opaleshoni akamaphunzitsa ku fiyeta amakhala akuchita opaleshoni yeniyeni pa munthu amene boma likanayenera kumupezera dokotala. Ophunzira ukatswiri, amene ndi madokotala kale, ndiwo amachezera m'chipatala usiku. Omaliza digiri amagwira ntchito miyezi 18 akuyang'aniridwa, Medical Council of Malawi isanawalole kugwira paokha, ndipo pa miyezi imeneyi ndi iwo amene wodwala amayamba kukumana nawo. Mutachotsa anthu a yunivesite pa Gulupu, mawodi angalire. Mutachotsa Gulupu, yunivesite ingatsale ndi mabuku.

Komabe kutumikira mabwana awiri n'kovuta. Yunivesite imakweza mphunzitsi pa udindo poyang'ana zimene wafufuza n'kufalitsa, ndi ophunzira amene wawatsogolera. Chipatala chimamufuna pa mzere wa odwala umene sutha. Mankhwala akasowa kapena makina a ku labotale akawonongeka, yunivesite ilibe mphamvu pa thumba logulira, chonsecho wophunzira wake ndi amene akuzolowera udokotala wongoganizira. Chiwerengero cha ophunzira chakwera, ndipo n'zabwino, koma mabedi ndi aphunzitsi sachuluka pa liwiro lomwelo.

Pali munthu wina m'panganoli amene sanasayine paliponse, ndiye wodwala. Gogo amene wavula malaya kuti ophunzira asanu amvere chifuwa chake mmodzimmodzi akupereka chinthu chimene palibe yunivesite ya kunja ingapereke. Ali ndi ufulu wokana, ndipo ayenera kupemphedwa kaye mwaulemu. Ine ndimaona kuti mphunzitsi amene amayamba ndi mawu akuti "Agogo, anawa akuphunzira, mungalole kuti akupimeni?" waphunzitsa kale theka la udokotala asanatsegule buku.

Funso lobadwira pa bedi

Pa maubale onse a kafukufuku, umene ndimafuna kuti Mmalawi aliyense audziwe ndi wa malungo a mu ubongo. Makolo ambiri amawadziwa malungo amenewa. Mwana amene dzulo amasewera watentha thupi, wagwidwa ndi linjirinjiri, wakomoka, sakudzuka.

Mu 1986 Terrie Taylor wa ku Michigan State University anafika ku Blantyre n'kuyamba kugwira ntchito ndi Malcolm Molyneux, dokotala wa ku Britain amene anali atagwirapo kale zaka zambiri pa Gulupu. Vuto loyamba limene anakumana nalo linali loti, kodi chikomokere cha mwana wosadziwa kuyankhula mungachiyeze bwanji? Muyeso umene unalipo, wa ku Glasgow, umafuna kuti wodwala ayankhe mafunso. Iwo anakonza wawo, wosalira makina alionse. Dokotala amaona ngati maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake. Amamudinikiza pa fupa la pachifuwa kapena pa chikhadabo n'kuona ngati dzanja likupita pamene pakupwetekapo, kapena akungobweza mkono, kapena sakugwedezeka n'komwe. Amamvetsera kulira kwake, ngati kuli kulira kwenikweni kapena kubuula chabe. Mapointi ake amayambira pa 0 kulekezera pa 5. Anaufalitsa mu 1989 atapima ana 131, ndipo lero madokotala a m'mayiko ambiri amautchula ndi dzina la mzinda wathu, Blantyre Coma Scale.

Chikhalirecho ana ankamwalirabe. Ngakhale atalandira mankhwala abwino opha tizilombo ta malungo, mmodzi mwa asanu kapena asanu ndi mmodzi alionse ankapita. Chimawapha n'chiyani kwenikweni? Kuti yankho lipezeke panafunika chinthu chovuta kwambiri kupempha, choti makolo alole thupi la mwana wawo lipimidwe atamwalira. Taganizani mayi amene wangotaya mwana, abale akuthamangira galimoto ndi bokosi, kumudzi anthu asonkhana kale, ndiye wina abwere ndi pempho lotere. Limafuna munthu wodziwa kupepesa maliro m'chiyankhulo chathu, wodziwa nthawi yoyankhula ndi nthawi yokhala chete. Ambiri anakana, ndipo sanalakwe. Ena analola. Kuyambira 1996, kwa zaka zoposa khumi, mabanja oposa 100 anavomera, ndipo zonse zimene zinadziwika pambuyo pake zakhazikika pa kuvomera kwawoko.

Zotsatira za mu 2004 zinadzidzimutsa anthu. Mwa ana 31 amene madokotala anali otsimikiza kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anapezeka kuti chinawapha ndi china. Chifukwa chake n'chomveka. Kumene udzudzu uli ponseponse, ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi osadwala. Mwana wotere akakomoka ndi matenda ena, magazi ake amaonetsa malungo, ndipo aliyense amaleka kufunafuna. Nanga mungawasiyanitse bwanji mwana akali moyo? Yankho linali m'diso. Dokotala wa maso Susan Lewallen anali ataona kale, ku Blantyre komweko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kuti m'kati mwa diso la mwana wodwala malungo a mu ubongo mumaoneka timawanga toyera, timitsempha tosintha mtundu ndi timadontho ta magazi. Kupima matupi kuja kunatsimikiza kuti ana okhala ndi zizindikiro zimenezi ndiwo analidi ndi tizilombo titadzadza m'timitsempha ta ubongo. Dokotala tsopano akhoza kuunika m'diso ndi katochi kake n'kudziwa ngati ayenera kufunafuna matenda ena.

Mu 2008 kampani ya General Electric inapereka makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi, oyamba m'Malawi, ndipo anaikidwa pa Gulupu. Karl Seydel, Sam Kampondeni ndi anzawo anajambula ubongo wa ana 168 okhala ndi zizindikiro za m'diso zija. Ana 25 anamwalira, ndipo mwa iwo 21 ubongo wawo unali wotupa kwambiri, pamene mwa ochira kutupa kotereku kunapezeka mwa 27 pa 100 alionse. Ubongo ukatupa, chigaza sichifutukuka. Umadzikankhira kumunsi n'kupanikiza mbali imene imalamulira kupuma, mwana n'kusiya kupuma. Zimenezi zinafalitsidwa mu 2015. Werengani: kuchoka 1986 kufika 2015 ndi zaka 29. Pulojekiti ya zaka zitatu sikanafika kumeneko. Akulu amati mlendo ndi mame, koma awa sanakamuke, ndipo zaka zonsezi wodi yawo ya kafukufuku yakhala ikuchiza ana amene akanagona atatu pa bedi limodzi.

Ubale wa mtundu umenewu si umodzi. Johns Hopkins University yakhala pa Gulupu kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ikufufuza za HIV mwa amayi ndi makanda. Mu 1995 kunakhazikitsidwa Malawi-Liverpool-Wellcome, yodziwika kuti MLW, yophatikiza kolejiyi, Liverpool School of Tropical Medicine, University of Liverpool ndi bungwe la Wellcome. University of North Carolina inakhazikika pa Kamuzu Central. University of Maryland inagwira ntchito ku Ndirande.

Wina angafunse kuti, bwanji osangotenga zimene apeza ku Ulaya n'kuzigwiritsa ntchito kuno, m'malo movutitsa odwala athu? Yankho labwino ndi nkhani ya dexamethasone. Mu 2002 kafukufuku wa ku Ulaya anaonetsa kuti mankhwalawa amapulumutsa akuluakulu odwala matenda oumitsa khosi oyamba ndi mabakiteriya. Ndi mankhwala otsika mtengo, ndipo aliyense akanakonda kuti agwire ntchito kuno. Atayesedwa pa Gulupu mwa ana pafupifupi 600, sanathandize. Atayesedwa mwa akulu 465, zotsatira za mu 2007 zinali zomwezo. Odwala athu anali ena: 90 pa 100 alionse mwa akuluwo anali ndi HIV, ndipo ambiri amafika kuchipatala matenda atakula. Buku lolembedwa ku Ulaya silikanatiuza zimenezi.

Katemera wa rotavirus, kachilombo koyambitsa kutsegula m'mimba koopsa mwa makanda, anapereka phunziro lotembenuka. Poyesedwa, ku Malawi anateteza ndi 49 peresenti yokha pamene ku South Africa anafika 77. Woyang'ana manambala awiriwa akanati katemerayu kuno n'ngwachabe. Koma chifukwa choti matendawa ndi ochuluka kwambiri kuno, pa ana 100 obayidwa anapewetsa matenda oopsa ambiri ku Malawi kuposa ku South Africa. Boma linamuika pa ndandanda wa kusikelo mu 2012. Katemera wa taifodi anayesedwa kuyambira 2018 mwa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, koyamba mu Africa, n'kupezeka kuti amateteza pafupifupi 80 peresenti, ndipo mu May 2023 anaperekedwa m'dziko lonse. Mabanja a ku Blantyre ndi ku Lilongwe analinso m'gulu la kafukufuku wa HPTN 052, amene mu 2011 anaonetsa kuti munthu akayamba msanga ma ARV, chiopsezo chopatsira mnzake kachilombo chimatsika ndi 96 peresenti. Dziko lonse lapansi linasintha malangizo ake.

Si madokotala okha. Kamakina kopumira kaja, kotchedwa Pumani, kanapangidwa ndi mainjiniya a Rice University ku Houston pamodzi ndi madokotala a ana a pa Gulupu, monga Elizabeth Molyneux ndi Kondwani Kawaza. Mapapo a khanda lobadwa masiku osakwana amaphwa likatulutsa mpweya, ndiye limafuna kamphepo kosalekeza kowatsegula. Makina ochitira zimenezi ku Ulaya amagulidwa madola masauzande. Ophunzira a ku Rice anagwiritsa ntchito timapampu topopera mpweya m'mabokosi owetera nsomba, ndi botolo la madzi, anamwino a kuno n'kumawauza chimene chikuvuta pa wodi. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2014, makanda 71 pa 100 alionse oikidwa pa kamakinaka anapulumuka, poyerekeza ndi 44 mwa olandira okosijeni yekha.

Ndalama zimalowera khomo liti

Tsopano tibwere ku mbali imene sikambidwa pa mwambo wosayinirana. Kafukufuku wamkulu amadya mamiliyoni a madola, ndipo amachokera ku mabungwe monga Wellcome, NIH ya boma la America ndi Gates Foundation. Nthawi zambiri wolandira ndalamazo amakhala yunivesite ya kunja. Iyo imapatula gawo lake loyendetsera maofesi, kenako n'kutumiza gawo lina ku Blantyre kapena ku Lilongwe kuti ntchito igwiridwe. Wogwira chikwama ndiye amayamba kusankha funso. N'chifukwa chake malungo, HIV ndi chifuwa chachikulu zafufuzidwa mozama, pamene BP, shuga, matenda a impso, matenda a maganizo ndi ngozi za pamsewu, zimene zadzaza mawodi a akulu, zatsalira kumbuyo. Sikuti alendowo ali ndi mtima woipa. Amapempha ndalama kumene zili, pa mitu imene eni ndalama aikonda.

Palinso kuthawa kwa ogwira ntchito kosawoloka malire. Timadandaula za anamwino opita ku Britain, koma namwino waluso akhoza kuchoka m'wodi ya boma n'kungowoloka khonde kupita ku pulojekiti imene malipiro ake ndi okwera, odwala ndi ochepa, magolovesi satha. Ndani angamudzudzule? Ali ndi ana a sukulu. Koma wodi imene waisiyayo yataya munthu amene boma linamuphunzitsa. Pa nkhani ya mayina napo pakhala madandaulo a zaka zambiri m'mayiko a mu Africa muno: wa kuno apeze odwala, atenge magazi, amasulire mafunso, koma lipoti likatuluka dzina lake lili pakati pa mndandanda, pamene malo aulemu, oyamba ndi omaliza, atengedwa ndi a kunja. Kwa munthu wamba zingaoneke zazing'ono, komatu malo amenewa ndiwo amakweza munthu kukhala pulofesa ndi kumupezetsa ndalama za kafukufuku wakewake.

Alonda alipo. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu ayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, COMREC ya ku kolejiyi kapena NHSRC ya dziko lonse, ndipo woyesa mankhwala amadzeranso ku PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala. Magazi satumizidwa kunja popanda pangano lolembedwa lonena chimene akukapimidwa. Koma mlonda weniweni ndi kukambirana kumene kumachitika pa benchi. Pa kafukufuku wa taifodi uja, ana ena analandira katemera wa taifodi, ena wa matenda oumitsa khosi, mochita ngati maere. Namwino amayenera kunena zoona zonse: "Mayi, mwana wanu alandira mmodzi mwa akatemera awiriwa, ndipo ngakhale ineyo sindidziwa kuti ndi uti. Akadzatentha thupi mudzabwere naye, tidzamutenge magazi. Mukakana palibe mlandu, chithandizo mudzalandirabe." Mayi akafunsa kuti "Nanga magaziwo mumapita nawo kuti, a nesi?" sakufunsa za umbuli. Akufunsa funso loyenera, ndipo asanadinde chala ayenera kulandira yankho lomveka. Tonse tikukumbukira 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera oyandikana nawo. Kumene anthu sauzidwa zoona za magazi awo, mphekesera ndi imene imayankha. N'chifukwa chake mapulojekiti okhalitsa amakhala ndi magulu a anthu a m'dera owalangiza, ndipo salowa m'mudzi mfumu isanamve.

Nanga ubale wabwino tingaudziwe bwanji? Ine ndimayang'ana chotsala alendo akanyamuka, makamaka anthu. Maphunziro a ukatswiri atayamba pa kolejiyi m'zaka za m'ma 2000, ophunzira ambiri ankakhala gawo la nthawi yawo ku South Africa kukaona zimene kuno kunalibe, koma mizu ili kuno. Ndi nzeru ya 1986 yomwe ija, ndipo inachepetsa vuto la opita osabwerera. Madokotala a opaleshoni amalembanso mayeso a COSECSA, koleji ya mayiko a kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa, imene imaphunzitsira munthu m'chipatala cha kwawo. Mercy James Centre, imene inatsegulidwa pa Gulupu mu 2017 ndi thandizo la bungwe la Raising Malawi, inapatsa dokotala wa opaleshoni ya ana Eric Borgstein ndi anzake malo ochitira opaleshoni ana komanso ophunzitsira amene adzalowe m'malo mwawo. Mu 2019 kunayamba digiri ya udokotala wa mano mothandizana ndi University of Glasgow ndi boma la Scotland, m'dziko limene dokotala wa mano aliyense anali wophunzira kunja. Mu 2020, Covid-19 itafika, MLW inamanga malo opangira okosijeni pa Gulupu ndi ndalama za Wellcome, ndipo mpweya umenewo sufunsa ngati wodwala ali m'kafukufuku. MLW yomweyo, imene inayamba ndi atsogoleri a ku Britain, inadzakhala m'manja mwa Mmalawi, Henry Mwandumba, ndipo woyamba kutsogolera KUHeS, MacPherson Mallewa, ndi katswiri wa matenda a ubongo wa ana amene wagwira ntchito m'mawodi omwewa. Izi ndi zimene ndimawerenga, kuposa kuchuluka kwa mapangano osayinidwa.

Koma kudalira chikwama cha mnzako kuli ndi tsiku lake. Mu 2021 Britain inadula thandizo lake la kunja. Mu January 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi ntchito zambiri zothandiza mayiko ena, ndipo m'chaka chomwecho NIH inasintha malamulo a momwe ndalama zake zimafikira kwa ofufuza a kunja kudzera m'mayunivesite a ku America, njira yomwe ija ndafotokozayi. Zotere zikachitika, woyamba kumva kuwawa si pulofesa. Ndi namwino wa kontilakiti, dalaivala, mnyamata wa ku labotale, ndi wodwala amene anazolowera kukapimidwa ku kiliniki ya pulojekiti. Dziko limene siliika ndalama zakezake pa kafukufuku limakhala lilibe choyankha.

Tibwerere kwa mwana wa malungo uja. Zitadziwika kuti chimapha ndi kutupa kwa ubongo, ofufuza a ku Blantyre anayamba kuyesa njira ziwiri: kumupatsa mwana diripi ya madzi a mchere wambiri kuti akoke madzi otupitsa ubongowo, kapena kumuika pa makina omupumira kwa masiku angapo kufikira kutupa kutaphwa. Njira yachiwiriyi imafuna magetsi osazima, okosijeni wosatha, namwino wophunzitsidwa wokhala pambali pa bedi usana ndi usiku, ndi munthu wokonza makinawo akawonongeka. M'wodi ya kafukufuku zonsezi zikhoza kupezeka ndi ndalama za pulojekiti. Koma ana ambiri okomoka ndi malungo safika pa Gulupu. Amafikira ku Nsanje, ku Machinga, ku Nkhotakota, atabwera pa kabaza usiku, ndipo magetsi, okosijeni ndi malipiro a namwino wa kumeneko zimalembedwa mu bajeti ya Unduna wa Zaumoyo imene aphungu amakambirana ku Lilongwe chaka ndi chaka.